Kumasula foni ya m'manja: kodi malamulo akuti chiyani?

LILONGWE — Pamene chiwerengero cha anthu ogwiritsa ntchito mafoni a m'manja amakono chikunka chikwera m'dziko muno, pali funso lomwe anthu ambiri, kuphatikizapo ogwira ntchito m'boma, akhala akufunsa: kodi munthu amene wagula foni ndi ndalama zake ali ndi ufulu wothyola maloko omwe kampani yopanga foniyo idaikamo, kapena kutero ndi mlandu?

Funsoli si lachibwana ayi. M'misika ya m'mizinda ya Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba muli timashopu tambiri ta achinyamata okonza mafoni, ndipo ina mwa ntchito zomwe amalandira tsiku ndi tsiku ndi yotsegula mafoni otsekedwa, kapena kuflasha monga eni akewo amanenera. Mwa mafoni amene amafika pa matebulo awo, ena ndi ogulidwa bwinobwino ku South Africa, Dubai kapena Britain, ena ndi otumizidwa ndi achibale okhala kunja, ena ndi angongole, pomwe ena ndi obedwa. Onsewa amatsegulidwa ndi zida zofanana, koma pamaso pa lamulo nkhani zawo n'zosiyana kutalitali.

Malamulo a maiko omwe adakambiranapo nkhaniyi mozama amaonetsa kuti yankho lake limadalira zinthu zitatu: mwini wake wa chipangizocho ndani, loko amene akuthyoledwayo ndi wamtundu wanji, komanso cholinga cha wothyolayo n'chiyani.

Kumasula foni n'kutani?

Foni yamakono ndi kompyuta yaing'ono. M'kati mwake muli pulogalamu yaikulu yomwe imayendetsa zonse, monga iOS ya m'mafoni a iPhone opangidwa ndi kampani ya Apple, ndi Android ya kampani ya Google yomwe imapezeka m'mafoni a Samsung, Tecno, Itel ndi ena otero. Opanga ndi ogulitsa mafoni amaikamo maloko osiyanasiyana, ndipo chisokonezo chachikulu pa nkhaniyi chimadza chifukwa anthu amawatchula onse ndi dzina limodzi.

Loko woyamba ndi amene amaletsa mwini foni kusintha pulogalamu yaikulu ija kapena kuikamo mapulogalamu omwe kampani sidavomereze. Kuthyola loko ameneyu ndi komwe pa Chingerezi kumatchedwa jailbreaking pa zipangizo za Apple, ndi rooting pa mafoni a Android. M'nkhani ino tikutcha kumasula foni. Foni ikamasulidwa, mwini wake amatha kuchotsamo mapulogalamu osafunika omwe adabwera nayo, kusintha maonekedwe ake, kapena kuikamo mapulogalamu atsopano m'foni yakale yomwe kampani idasiya kuisamalira.

Loko wachiwiri ndi wa netiweki. Makampani ena a mafoni kunja amagulitsa foni motchipa koma n'kuitseka kuti isalandire simu khadi ya kampani ina. Foni yotere ikafika kuno imakana khadi la TNM kapena la Airtel kufikira itatsegulidwa.

Loko wachitatu ndi woteteza mwini foni kwa akuba. Ameneyu ndi nambala yachinsinsi, chidindo cha chala, kapena akaunti ya mwiniyo yomwe foni imafunsa ikafufutidwa zonse. Kampani ya Apple idayambitsa loko wotere m'chaka cha 2013, ndipo Google idatsatira pa mafoni a Android mu 2015.

Loko wachinayi ndi wa ngongole, amene amaikidwa m'mafoni ogulidwa polipira pang'onopang'ono ndipo amatseka foni ngati wogula sadalipire pa tsiku lake.

Kupatula maloko anayiwa, foni iliyonse ili ndi nambala yakeyake ya manambala 15 yotchedwa IMEI, yomwe imaoneka munthu akaimba *#06#. Nambalayi ili ngati nambala ya injini ya galimoto, ndipo ndi yomwe apolisi ndi makampani a mafoni amagwiritsa ntchito pofufuza foni yobedwa.

Foni ndi yanu, pulogalamu ndi ya eni

Gwero la mkangano wonse lili pa mfundo yomwe ogula ambiri saidziwa. Munthu akagula foni amakhala mwini wa chitsulo, galasi ndi batire, koma pulogalamu yomwe ili m'katimo sadaigule. Malinga ndi mgwirizano womwe umaoneka pa foni ikamayatsidwa koyamba, womwe ambiri amangovomereza osauwerenga, kampani imangomulola wogulayo kugwiritsa ntchito pulogalamuyo motsatira zomwe yalamula. Umwini wake umatsalabe m'manja mwa kampani, monga momwe umwini wa nyimbo umatsalira kwa woimba ngakhale chimbale chitagulidwa.

Pachifukwa ichi, nkhani yomasula foni imagwa pansi pa malamulo oteteza umwini wa ntchito za luso. M'chaka cha 1996 maiko a m'bungwe la WIPO, lomwe limaona za umwini wa ntchito za luso pa dziko lonse, adagwirizana pangano ku Geneva lakuti maiko osayina akhazikitse malamulo oletsa kuthyola maloko oteteza nyimbo, mafilimu, mabuku ndi mapulogalamu. Cholinga chidali kuthana ndi mchitidwe wokopera ntchito za ena mwakuba. Panthawiyo mafoni amakono adali asanabwere, koma atabwera, malamulo omwewo adapezeka kuti akukhudzanso munthu wamba amene akungofuna kusintha foni yake.

Momwe nkhaniyi idayambira ku America

Dziko lomwe lalimbana kwambiri ndi funsoli ndi la America, komwe kuli malikulu a Apple ndi Google. Mu October 1998 mtsogoleri wa dzikolo panthawiyo, Bill Clinton, adasayina lamulo lotchedwa Digital Millennium Copyright Act. Gawo 1201 la lamuloli limaletsa kuthyola loko aliyense woteteza ntchito ya luso, komanso kupanga ndi kugulitsa zida zothyolera maloko otere. Mwini ntchito angathe kusuma n'kulipiritsa wothyola madola a pakati pa 200 ndi 2,500 pa kuthyola kulikonse. Amene wachita izi mwadala pofuna kupeza phindu angathe kulipira chindapusa chofika madola 500,000 kapena kukhala m'ndende zaka zofika 5 pa mlandu woyamba.

Koma aphungu a dzikolo adaona kuti lamulo lokhwima chotere lingathe kupweteka anthu osalakwa. Choncho adaikamo ndime yopatsa mphamvu mkulu wa Library of Congress, nyumba yosungira mabuku ya nyumba ya malamulo, kuti pakatha zaka zitatu zilizonse azimva madandaulo a anthu n'kulengeza mitundu ya maloko omwe angathyoledwe popanda mlandu. Chilolezo choterechi chimakhala cha zaka zitatu zokha, ndipo chimatha ngati sichidaonjezeredwe.

Foni ya iPhone idayamba kugulitsidwa mu June 2007, ndipo ku America inkagwira ntchito pa netiweki ya kampani ya AT&T yokha. Mu August chaka chomwecho mnyamata wa zaka 17 wa ku New Jersey, George Hotz, adatchuka dziko lonse atatsegula foniyo kuti ilandire khadi la kampani ina. Akatswiri ena adapeza njira zomasulira pulogalamu yake, ndipo mu 2008 Jay Freeman adakhazikitsa Cydia, msika wa mapulogalamu a mafoni omasulidwa womwe sudali pansi pa ulamuliro wa Apple.

Bungwe lomenyera ufulu wa ogwiritsa ntchito luso lamakono la Electronic Frontier Foundation lidapempha boma kuti livomereze kumasula mafoni. Kampani ya Apple idatsutsa pempholi mwamphamvu. Iyo idati kumasula foni kumaphwanya umwini wake, kumafooketsa chitetezo cha foni, kumalimbikitsa kuba mapulogalamu ndipo kungathe kusokoneza ngakhale nsanja za netiweki.

Chilolezo cha zaka zitatu

Pa 26 July 2010 mkulu wa Library of Congress, James Billington, adalengeza kuti kumasula foni si mlandu malinga ngati cholinga chake chili choikamo mapulogalamu opezedwa movomerezeka. Ofesi yoona za umwini wa ntchito za luso, yomwe idamulangiza, idapeza kuti womasula foni amangosintha kachigawo kochepetsetsa, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 160,000 a pulogalamu yonse, ndipo amatero pa foni yake, mosalanda kampani malonda a pulogalamuyo. Ofesiyo idaonanso kuti nkhawa ya Apple idali yoteteza kayendetsedwe ka malonda ake, chinthu chomwe lamulo la umwini wa ntchito za luso silidakhazikitsidwire.

Nkhaniyi sidathere pomwepo. Mu October 2012 chilolezo chomasula mafoni chidaonjezeredwa, koma pempho lakuti chikhudzenso matabuleti lidakanidwa kaamba koti padalibe tanthauzo lomveka la tabuleti. Choncho kwa zaka zitatu munthu ankatha kumasula iPhone popanda mlandu, koma osati iPad, ngakhale zipangizo ziwirizi zinkayendera pulogalamu imodzi.

Pa msonkhano womwewo chilolezo chotsegula loko wa netiweki, chomwe chidalipo kuyambira 2006, chidachepetsedwa kuti chisakhudze mafoni ogulidwa kuyambira kumapeto kwa January 2013. Anthu adakwiya nazo, ndipo oposa 114,000 adasayina kalata yodandaula yopita ku ofesi ya mtsogoleri wa dziko. Nyumba ya malamulo idalowererapo, ndipo pa 1 August 2014 Barack Obama adasayina lamulo lobwezeretsa ufulu wotsegula loko wa netiweki.

Kuchokera apo chilolezo chakhala chikukula. Mu 2015 chidakhudza matabuleti, mawotchi amakono ndi mawailesi a kanema olumikizika ku intaneti, komanso kukonza mapulogalamu a m'magalimoto ndi mathirakitala, alimi atadandaula kuti akulephera kudzikonzera okha makina awo. Mu 2018 chidafika ku zipangizo za m'nyumba zomvera mawu a munthu, ndipo mu 2021 chidafika ku timakina togawa intaneti. Mu October 2024 zilolezozi zidaonjezeredwanso kwa zaka zina zitatu.

Phunziro lomwe akuluakulu okonza malamulo angatolepo apa ndi lakuti lamulo lolembedwa pofuna kuthana ndi vuto limodzi lingathe kugwira anthu omwe olilemba sadawaganizire, maka pa nkhani za luso lomwe limasintha chaka ndi chaka. Khomo lounikiranso lamulo pakapita nthawi ndi lomwe lidathandiza dziko la America kukonza zolakwikazo, ngakhale ambiri amadandaula kuti ufulu wopempha mwatsopano zaka zitatu zilizonse ndi wosakhazikika.

Malire a chilolezocho

Chilolezo cha ku America chili ndi malire omwe anthu ambiri amawaiwala. Choyamba, chimateteza munthu womasula chipangizo chake, koma sichichotsa chiletso chopanga ndi kugulitsa zida zothyolera maloko. Chachiwiri, sichilola kuika m'foni mapulogalamu, nyimbo kapena mafilimu okopera mwakuba. Chachitatu, sichikhudza chipangizo chilichonse. Pempho lomasula makina a masewero a pa kanema, monga PlayStation ndi Nintendo Switch, lakhala likukanidwa chifukwa umboni udaonetsa kuti omasula makinawa kawirikawiri amatero pofuna kusewera masewero osalipira.

George Hotz yemwe uja adaona yekha malirewa. Mu January 2011 kampani ya Sony idamusumira atafalitsa pa intaneti njira yomasulira PlayStation 3. Mlanduwo udatha mu April chaka chomwecho mbali ziwirizi zitagwirizana kunja kwa bwalo, Hotz atavomera kusathyolanso maloko a zipangizo za Sony. Zidamuvuta kwambiri ndi Gary Bowser, mbadwa ya ku Canada, yemwe adali m'gulu logulitsa zida zomasulira makina a Nintendo. Mu February 2022 bwalo la milandu la ku Seattle lidamulamula kukhala m'ndende miyezi 40, kuphatikiza pa kulipira kampaniyo madola mamiliyoni angapo.

Zomwe maiko ena adachita

Maiko a m'bungwe la European Union adatsata njira yosiyanako. Lamulo lawo la 2009 loteteza mapulogalamu a kompyuta limalola munthu amene adapeza pulogalamu movomerezeka kuisanthula pofuna kuti igwire ntchito limodzi ndi pulogalamu ina. Mu January 2014 bwalo lalikulu la bungweli, poweruza mlandu wa pakati pa Nintendo ndi kampani ya ku Italy ya PC Box, lidati loko amatetezedwa ndi lamulo pokhapokha ngati sakupyola muyeso, ndipo oweruza ayenera kuona ntchito yeniyeni yomwe anthu amagwiritsira zida zothyolerazo. Kuyambira March 2024, potsatira lamulo latsopano loletsa makampani akuluakulu kupondereza anzawo pa malonda, Apple idayamba kulola misika ina ya mapulogalamu pa iPhone m'maiko amenewa. Kumeneko chimodzi mwa zifukwa zazikulu zomasulira foni chidachoka.

Maiko ena adaona kuti ndi bwino kuchotseratu loko wa netiweki kusiyana n'kumalimbana ndi omutsegula. Dziko la Canada lidaletsa kugulitsa mafoni otsekedwa motero kuyambira pa 1 December 2017, ndipo dziko la Britain lidachita chimodzimodzi mu December 2021.

Koma pa nambala ya IMEI malamulo ndi okhwima. Ku Britain, lamulo la 2002 lotchedwa Mobile Telephones Re-programming Act limati kusintha nambalayi popanda chilolezo cha wopanga foni ndi mlandu womwe chilango chake chingafike zaka 5 m'ndende. Lamuloli lidabwera umbava wa mafoni utachuluka m'misewu ya dzikolo, popeza akuba ankasintha nambalayi kuti foni yotsekedwa ndi makampani iyambenso kugwira ntchito.

Nanga kuno kwathu?

Mfundo yoyamba yomwe aliyense ayenera kuidziwa ndi yakuti chilolezo cha ku America chilibe mphamvu m'dziko muno. Zomwe munthu wawerenga pa intaneti zakuti kumasula foni n'kololedwa kawirikawiri zimanena za malamulo a dzikolo. Foni ikalowa pa chipata cha Mwanza, Songwe, Mchinji kapena pa bwalo la ndege la Kamuzu, zomwe mwini wake angachite nayo zimaweruzidwa ndi malamulo a Malawi, ndipo malamulo omwe amakhudza nkhaniyi ndi angapo.

Malamulo aakulu oyendetsera dziko, m'gawo 28, amapereka ufulu kwa munthu aliyense wokhala ndi katundu, ndipo gawo 21 limateteza chinsinsi cha munthu kuphatikizapo mauthenga ake. Ndime ziwirizi zimagwira mbali zonse ziwiri. Zimateteza mwini foni pa katundu wake, komanso zimateteza munthu amene foni yake yagwera m'manja mwa wina.

Lamulo loteteza umwini wa ntchito za luso la Copyright Act lomwe aphungu adavomereza mu 2016, kulowa m'malo mwa la 1989, limawerengera mapulogalamu a kompyuta pakati pa ntchito zotetezedwa. Kukopera kapena kugawa pulogalamu, nyimbo kapena filimu popanda chilolezo cha mwini ndi kuphwanya lamuloli, kaya zachitikira pa foni yomasulidwa kapena ayi. Amene amamasula foni ndi cholinga chodzazamo mapulogalamu olipira osalipira, kapena nyimbo za oimba athu zotengedwa mwakuba, sangadziteteze ponena kuti foniyo ndi yake. Amene akufuna kuchita bizinesi yokhudza maloko oteteza ntchito za luso achita bwino kufunsa kaye a zamalamulo kapena bungwe la COSOMA, pajatu safunsa adadya phula.

Lamulo lachiwiri ndi la Electronic Transactions and Cyber Security Act, lomwe lidakhazikitsidwanso mu 2016. Lamuloli lidaletsa kulowa mwadala m'zosungidwa za pa kompyuta kapena foni popanda chilolezo, kupyola malire a chilolezo chomwe munthu wapatsidwa, komanso kusokoneza zosungidwazo, ndipo lidaika chilango cha K2 miliyoni ndi zaka 5 m'ndende. Lidaletsanso kupanga, kugulitsa kapena kusunga mosavomerezeka zida zomwe ntchito yake yaikulu ndi kugonjetsa chitetezo cha zosungidwa. Mawu ofunika kwambiri pamenepa ndi akuti chilolezo. Munthu wosintha foni yake amadzipatsa yekha chilolezo, pomwe wothyola nambala yachinsinsi ya foni ya mkazi wake, ya mnzake wa ku ntchito kapena yotola pa minibasi alibe chilolezo cha wina aliyense.

Lachitatu ndi lamulo la milandu la Penal Code, lomwe limati kulandira kapena kusunga katundu podziwa kapena pokhala ndi chifukwa chokhulupirira kuti ndi wobedwa ndi mlandu. Apa ndi pomwe okonza mafoni ambiri amagwera m'mavuto. Munthu akabwera ndi foni yodula, wopanda lisiti, wosadziwa akaunti yomwe ili m'foniyo, n'kupempha kuti ifufutidwe ndipo nambala ya IMEI isinthidwe, wokonzayo wapatsidwa kale zizindikiro zokwanira kuti akayikire. Akaigwira ntchitoyo, kudzakhala kovuta kutsimikizira bwalo la milandu kuti sankadziwa kanthu.

Lachinayi ndi lamulo la Communications Act la 2016, lomwe limapatsa bungwe la MACRA mphamvu zovomereza mitundu ya zipangizo zolumikizika ku netiweki za m'dziko muno. Kusintha chipangizo mwa njira yosokoneza netiweki kapena yobisa mwini wake kumasemphana ndi cholinga cha lamuloli, lomwenso lidabweretsa kalembera wa ma simu khadi yemwe adachitika mu 2018.

Pa mafoni angongole nkhani ndi ya mgwirizano. Wogula adasayina kuti foni idzatsekedwa akapanda kulipira. Kuthyola loko ameneyu ngongole isanathe ndi kuphwanya mgwirizanowo, ndipo ngati zikuoneka kuti munthuyo adatenga foni ali kale ndi maganizo osalipira, nkhaniyo ingathe kusanduka mlandu wopeza katundu mwachinyengo. Mchitidwewu umapwetekanso anthu ena osauka, chifukwa obwereketsa akaluza ndalama amakweza mitengo kapena kusiya kumene kubwereketsa.

Zipangizo za boma

Kwa ogwira ntchito m'boma, funso loyamba lija, lakuti mwini chipangizo ndani, ndi lomwe lili lalikulu. Maunduna, nthambi za boma ndi makhonsolo akhala akugawa mafoni, matabuleti ndi makompyuta a m'manja kwa alangizi a zaumoyo, alangizi a zaulimi, aphunzitsi ndi ogwira ntchito za kalembera. Kalembera wa anthu ndi nyumba wa 2018, mwachitsanzo, adachitika pogwiritsa ntchito matabuleti. Zipangizo zotere zimatsekedwa dala kuti zigwire ntchito imodzi yokha komanso kuti zomwe zili m'katimo zisatuluke.

Tiyerekeze kuti mlangizi wa zaumoyo wapatsidwa tabuleti yolembera maina a amayi oyembekezera ndi ana a m'dera lake. Iye akuona kuti tabuletiyo ikukana WhatsApp ndi Facebook, ndipo akupita nayo kumsika kuti akaimasule. Pochita izi wasintha katundu wa boma popanda chilolezo, wapyola malire a chilolezo chomwe adapatsidwa, ndipo wapereka zinsinsi za odwala m'manja mwa munthu wachilendo. Cholinga chake mwina sichidali choipa, koma angathe kulangidwa pa ntchito, kulipiritsidwa chipangizocho chikaonongeka, ngakhalenso kuimbidwa mlandu.

Udindo sukhala pa iye yekha. Lamulo loteteza mbiri ndi zinsinsi za anthu la Data Protection Act la 2024 limalamula mabungwe osunga mbiri za anthu, kuphatikizapo a boma, kuika njira zoyenera zotetezera mbirizo, ndipo lidapatsa MACRA udindo woonetsetsa kuti izi zikutsatidwa. Mkulu wa nthambi amene amagawa zipangizo popanda kalembera wa manambala a IMEI, popanda chikalata chosayinitsa wolandira, ndiponso popanda kufotokoza zoletsedwa, akusiya mpata womwe tsiku lina adzafunsidwa nawo.

Pali mbali inanso. Ogwira ntchito ambiri amagwiritsa ntchito mafoni awoawo polandira makalata a ku ofesi ndi kukambirana nkhani za boma. Foni yotere ndi ya mwini wake, koma zikalata zomwe zili m'menemo ndi za boma. Mwiniyo akaimasula, chitetezo chomwe wachifooketsa si cha zithunzi zake zokha.

Zololedwa sizikhala zabwino nthawi zonse

Ngakhale kumene lamulo limalola, kumasula foni kuli ndi mtengo wake. Maloko omwe amaletsa mwini foni kusintha pulogalamu yaikulu ndi omwewonso amene amatchinga mapulogalamu oipa kuti asafike pa nambala zachinsinsi ndi mauthenga. M'chaka cha 2015 akatswiri a kampani ya zachitetezo ya Palo Alto Networks adatulukira pulogalamu yoipa yotchedwa KeyRaider yomwe idaba maakaunti a Apple oposa 225,000 m'maiko 18. Onse omwe adaberedwa adali ndi zipangizo zomasulidwa.

M'dziko muno, momwe malipiro a ambiri amadutsira pa Mpamba, Airtel Money ndi mapulogalamu a mabanki, chiopsezo chotere chimakhudza thumba mwachindunji. N'chifukwa chake mapulogalamu ambiri a mabanki pa dziko lapansi amakana kugwira ntchito akazindikira kuti foni ndi yomasulidwa. Kuonjezera apo, opanga mafoni ambiri amanena poyera kuti angathe kukana kukonza mwaulere foni yomwe pulogalamu yake idasinthidwa, ngakhale nthawi ya walanti isanathe. Foni yomasulidwa imathanso kusiya kulandira zokonza za chitetezo zomwe kampani imatumiza, ndipo ntchitoyo ikalakwika pang'ono foni imafa osadzukanso. Walira mvula walira matope.

Komabe si bwino kuona aliyense womasula foni ngati chigawenga. Kwa anthu opeza movutikira, kuika pulogalamu yatsopano m'foni yakale kumatalikitsa moyo wake ndi zaka zingapo. Ophunzira za makompyuta m'masukulu a ukachenjede amaphunzira zambiri posanthula zipangizo zawo, ndipo makampani ena, monga Google pa mafoni ake a Pixel, amapereka okha njira yovomerezeka yotsegulira. Achinyamata okonza mafoni nawonso akugwira ntchito yofunika yomwe imadyetsa mabanja. Chofunika ndi chakuti adziwe pamene ntchito yabwino imathera ndi pamene mlandu umayambira.

Zoyenera kuchita

Wogula foni yogwiritsidwapo kale ntchito ayenera kupempha lisiti yokhala ndi dzina la wogulitsa ndi nambala ya IMEI, kuyerekeza nambala yotuluka pa *#06# ndi yomwe yalembedwa pa bokosi, komanso kuonetsetsa kuti wogulitsayo wachotsa akaunti yake iye akuona. Ngati foni ili ndi loko wa netiweki, njira yabwino ndi kupempha wachibale amene adaitumiza kuti apemphe kampani yomwe adaigulako kuti iitsegule, zomwe makampani ambiri amachita foni ikakhala kuti idalipiridwa yonse.

Okonza mafoni ayenera kusunga kaundula wa mafoni omwe alandira, kufunsa chiphaso cha unzika ndi umboni wa umwini asanafufute kapena kutsegula foni, ndi kukana ntchito iliyonse yosintha nambala ya IMEI. Foni yokayikitsa ikanenedwe ku polisi.

Ogwira ntchito m'boma amene chipangizo cha ku ofesi chikuwavuta ayenera kupita nacho kwa akatswiri a makompyuta a mu unduna kapena khonsolo yawo, osati kumsika. Akuluakulu a nthambi nawo akuyenera kulemba momveka bwino zomwe wolandira chipangizo angachite ndi zomwe sangachite, ndi kuonetsetsa kuti zipangizo zabwezedwa ndi kufufutidwa moyenera munthu akasamutsidwa kapena kupuma pa ntchito.

Ku America zilolezo zomwe zidaperekedwa mu 2024 zidzaunikidwanso m'chaka cha 2027, ndipo zomwe zidzagamulidwe kumeneko zidzakhudza momwe makampani amapangira mafoni omwe pamapeto pake amadzafika m'misika ya kuno.